Nyali Yosazima pa Maroboti

Makina athu osokera mabuku ku Kamwala
ndi akale kuposa ine, akale kuposa bwana.
M'nthiti mwawo muli kachitsulo kamkuwa,
dzina la munthu yemwe sitidzamuona,
ndi nambala yake ya patenti.
Lolemba lililonse ndimakapukuta ndi phulusa
ngati ndikulambula manda a mlendo.

Singano zinayi zimatsika pamodzi,
kubaya msana wa pepala, kukoka ulusi, kubwerera.
Ndasoka mabuku angongole a m'mabutchala,
nyimbo za kwaya ya ku Matero,
zolemba za ana a ku yunivesite
zomwe ngakhale eni ake sadzaziwerenganso.

Kutsidya kwa ngalande kuli a Yelesani Mvula,
okonza njinga, gilizi mpaka m'zigongono.
Zaka zisanu ndi ziwiri nkhani yawo inali imodzi:
nyali ya dainamo ili moyo tayala likamazungulira,
ukaima, yafa.
Nanga munthu amaima pati?
Pamaroboti, pamphambano,
pomwe minibasi imatulukira ngati njati yolasidwa.
Mng'ono wawo Tobiyasi anaima choncho pamsewu wa ku Kafue,
matumba atatu a makala kumbuyo, nyali itazima.
Dalaivala anati sanaone kanthu.
Sananame.

Kagudumu kolemera katatha mano m'makina athu
bwana anati kataye.
A Yelesani anakatola m'ngalande,
nakapala, nakaboola, nakamangirira ku dainamo
ndi sipoko ndi kachidutswa ka tcheni.
Tayala likaima, iko kamapitirira kuzungulira kokha,
kouma mutu ngati mwana wokana kugona.
Tinawerenga tonse usiku wina magetsi atathima:
nyali inayakabe mpaka nditapuma kamakumi anayi.

Zojambula zawo zinali kuseri kwa makalendala akale.
Ndinazidula m'mbali, ndinazisoka ndikupalasa ndi phazi,
chikuto chabuluu, guluu wa bwana, osapempha.
Iwo anabwereka jekete kwa mkulu wa mpingo
nakwera basi kupita ku ofesi ya zidindo,
buku m'khwapa ngati nkhuku ya chiongo.

Mzere. Fomu. Mzere wina.
Mtengo wa fomu, akuti, ndi machubu mazana omata.
Koma mtsikana wa pawindo anali ndi mtima,
anayamba wafufuza asanalandire ngwee,
kenako anawatembenuzira kompyuta:
kagudumu komweko, dainamo yomweyo,
dzanja lina, chilankhulo china, kutsidya kwa nyanja zamchere,
chaka chomwe bambo awo anali asanabadwe.

Madzulo ndinawaona akutsika basi, jekete paphewa.
Ndinakonzeratu mawu opepesa, onse osalimba.
Anakhala pa chitini cha penti,
anavula nsapato, anapukusa mwala,
anayang'ana buku lija nthawi yaitali.
Kenako anati,
"Elesina, ndiye kuti nayenso anali ndi mng'ono wake."

Basi. Anapempha madzi akumwa.

Lero nyali zawo zili pa njinga khumi ndi zinayi,
za amakala, za wogulitsa buledi ku Chawama,
ya mlonda wina wobwerera mbandakucha.
Palibe nambala, palibe mkuwa.
Pansi pa iliyonse amakandapo ndi msomali
chilembo chimodzi, T,
ndipo wofunsa amamuuza kuti ndi dzina la kampani.

Ine Lolemba ndikupukutabe kachitsulo kaja,
koma tsopano ndimamufunsa mwini dzinalo:
ndi buku lanji linakuyoyokera m'manja,
masamba ake n'kumwazika ndi mphepo,
kuti ukhale pansi, uyike singano zinayi pamzere?

Sayankha. Ulusi umaduka, ndimalumikiza.

Ndikaweruka ndimaima pamaroboti a ku Kafue,
phazi limodzi pansi, utsi m'maso,
kagudumu kakulira pansi pa bondo langa,
ndipo ndimawerenga mpweya wanga.
Makumi awiri. Makumi atatu.
Ofiira aja sachedwa kutopa ine ndisanafike kumapeto,
koma masiku ena amachedwa.